Kalole Kosakhotera Kumanzere

Kalole kaja ndinabwera nako ndine. Ndikanadziwa kuti kasandutsa amuna awiri a ndevu zawo kukhala makanda, ndikanakasiya m'bini momwe ndinakapeza.

Nthawi imeneyo ndinkachapa ndi kusita pa hotela ina ku Makokola, koma tinkakhala ku Nkope, ine, amuna anga ndi mwana wathu wamkazi yemwe anali asanayambe sukulu. Amuna anga ankakonza mawailesi pakhonde. Ntchito ankaidziwa, zimenezo sindingawanamizire, koma anali ndi matenda amodzi: chinthu chilichonse chokhala ndi waya ankachiona ngati sichinamalizidwe. Munthu ankabweretsa wailesi yoti yangomasuka kawaya kamodzi, n'kubwerera nayo ili ndi sipika yachiwiri yomangirira kumsana. Tochi yanga anaitsegula ili yabwinobwino, ati iwale kwambiri, ndipo kuyambira pamenepo inkayaka pokhapokha ukaimenya pabondo.

Pakhomo panalinso alamu, msuweni wa amuna anga, amene anathawa nkhondo ku Mozambique. Kwawo kunali cha ku Mandimba. Anzawo ambiri anapita kumsasa wa othawa nkhondo, koma iwo anati ali ndi abale kunyanja, ndiye anatipeza. Kwawoko anali dalaivala wa lole. Za mmene anasiyira ntchitoyo sankakamba. Tinangomva kwa ena kuti loleyo inawotchedwa pamsewu, eni ake akuonerera ali chigonere m'tchire. Anali aatali, owonda, osayankhula. Lachisanu ankapita kumzikiti, tsiku logawa chakudya ankakatenga ufa, nandolo ndi mafuta. Masiku ena onse ankagoneka mtondo wanga pansi n'kukhalapo, maso kumsewu. Ndikafuna kusinja ndinkachita kuwapempha ngati mtondowo ndi wawo.

Kaloleko kanali ka mwana wa alendo ena ochokera ku Joni. Batire lake litafa, anangokaponya m'bini ya m'chipinda pamodzi ndi kabokosi koyendetsera, kokhala ndi timitengo tiwiri tokankha ndi zala ndi eriyo yaitali ngati ya wailesi. Kapitawo wathu atakaona anati, "Tengani, mukapatse mwana." Kanali kachikasu, kutalika kwake ngati kuchokera pachigongono kufika kuzala, matayala a mphira weniweni. Ine maganizo anga anali oti ndikamangirire chingwe mwana azikoka pabwalo. Basi.

Mwanayo anakagwira kwa nthawi yongokwana kumwa kapu ya madzi. Bambo ake anatulukira, n'kuyamba kuyankhula mawu okoma amene ankandinyengerera nawo tisanakwatirane.

"Bwera nako kuno mayi, ndingoona pang'ono."

Pomwe ndimatuluka m'nyumba nditasintha zovala, kalole kanali chagada pabenchi, matumbo onse pamtunda. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mtondo unali wopanda munthu. Alamu anali ataimirira kumbuyo kwa msuweni wawo, khosi litatalika ngati la kakowa.

Ndinakhala ndikumva za m'mimba mwa kalole kameneko kwa miyezi yambiri, moti ngakhale lero mutandidzutsa kutulo ndikhoza kukuuzani. Kumbuyo kunali mota yozunguza matayala. Pakati panali kabokosi kakuda komva zimene kabokosi ka m'manja kakunena, amuna anga ankakatcha khutu. Ndiye panali timakina tiwiri tofanana, ngati mabokosi a machesi onenepa, chilichonse chili ndi kamkono kozungulira pamwamba ndi mawaya atatu. Dzina lake linalembedwa pompo, ndiye tonse tinkangoti sevo. Sevo imodzi inkakoka kachitsulo kokhotetsa matayala akutsogolo, inayo inkakankha kachitsulo kowonjezera kapena kuchepetsa moto.

Alamu analoza yoyambayo ndi chala. "Ili ndi dzanja la dalaivala," anatero. Analoza inayo. "Ili ndi phazi lake."

Amenewo anali mawu ambiri kuposa onse amene anayankhula mwezi umenewo.

Vuto linali mabatire. Kabokosi ka m'manja ndi khutu zinkadya timabatire ting'onoting'ono tomwe m'magolosale a ku Nkope munalibe. Choncho ine amene ndinalembedwa ntchito yochapa ndinasanduka wofukula m'mabini a alendo, kufuna timabatire totayidwa. Ndikabwera nato ankatiyanika padenga kuti dzuwa litipatse moyo, ndipo tina tinkadzukadi. Koma mota inkafuna chakudya chenicheni. Amuna anga anadula nsungwi, n'kuing'amba pakati, n'kundandalikamo mabatire akuluakulu a tochi, n'kumanga ndi malegeni. Mabatirewo anachokera m'tochi yanga ndi m'wailesi yanga. Loweruka limenelo sewero la pa wailesi ndinakamvera kwa aneba, ine mkazi wa wokonza mawailesi.

Kalole kanayenda. Koma kayendedwe kake kanali ka munthu wotuluka kumene m'chipatala. Kakafika pamchenga kankaima n'kumalira.

"Tiwonjezere," anatero amuna anga.

Apa ndi pamene panayambira mkangano woyamba. Amuna anga ankati mabatire alumikizidwe mutu ndi thako, mutu ndi thako, mzere umodzi wautali, chifukwa mukatero mphamvu imakwera. Alamu ankati ayi, akhale mizere iwiri yogona mbali ndi mbali, chifukwa mphamvu imakhala yomweyo koma satopa msanga.

"Achimwene, galimoto ndi liwiro," amuna anga ankatero.

"Ngwamba! Galimoto ndi kufika," alamu ankayankha, Chiyao chikutsogola monga ankachitira akapsa mtima.

Anayesa njira zonse ziwiri. Mzere wautali unkathamanga kuchokera pakhonde kufika pamtengo wa mango n'kufa. Mizere iwiri inkayenda mpaka kwa aneba koma nkhuku zinkakapitirira. Onse awiri ankati apambana. Pamenepo n'kuti anthu obweretsa mawailesi atayamba kuchenjera, akumachotseratu mabatire kunyumba asanabwere.

Chimene chinathetsa mkanganowo ndi batire la njinga yamoto. Panali mlangizi wina wa zausodzi amene njinga yake inakhala chiimire chaka chonse kudikira tayala lochokera ku likulu. Amuna anga anamukonzera wailesi, iye anawabwereka batire. Analitchajitsa kugalaja ya mishoni, n'kulimangirira kumbuyo kwa mutu wa kalole, kalole n'kukhala pansi ngati mayi woyembekezera. Amuna anga anayesa kuyendetsa, koma atangokankha kamtengo kalole kanalumpha n'kukagunda ndowa. Anayesanso, kanakalowa kubafa.

"Tandipatsani," anatero alamu.

Ananyonyomala pakati pabwalo, kabokosi pamaondo, eriyo italoza kumwamba. Kalole kananyamuka pang'onopang'ono, kanazungulira mtondo, kanadutsa pakati pa miyendo ya benchi osakhudza, kanaima. Kenaka kanabwerera chambuyo n'kukaima ndendende pambali pa nsapato zawo. Kukamwa kwawo kunkatuluka phokoso la injini, ndi magiya omwe, ngakhale kaloleko kanalibe giya n'limodzi lomwe. Atakhota pangodya ya nyumba thupi lawo lonse linapendekera komweko mpaka anagwa chammbali. Anaseka. Tsiku limenelo ndi limene ndinadziwa kuti alamu alibe mano awiri am'mbali, chifukwa chifikire pakhomo panga anali asanatseguleko kukamwa mpaka kumeneko.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma ndanena kale za matenda a amuna anga. Lachisanu lina, alamu ali kumzikiti, iwo anaganiza zoti batire la njinga yamoto pa lokha likuchepa. Anatenga nsungwi yawo ya mabatire a tochi n'kuilumikiza pamwamba pake, mutu ndi thako. Ndiye poona kuti timabatire ta khutu tikuvuta kupeza, anati khutu ndi masevo zizidyera m'mbale yomweyo ya mota. Ine ndinali ndikuyanika usipa pamphasa.

"Mayi a mwana, taonani zimene azungu anaiwala kuchita!"

Ndinaona. Kalole kanauluka ngati kalumidwa ndi mavu, matayala akutsogolo anagwedezeka, kenaka panatuluka kautsi kobiriwira ndi fungo la tsitsi lopsa. Kanadutsa pamphasa yanga, usipa balala, n'kukaima ndi mphuno pakhoma la chimbudzi. Dzanja la dalaivala linali litapsa. Khutu ndi phazi zinapulumuka, sindikudziwa kuti zinapulumuka bwanji.

Alamu atabwera anangonunkhiza mpweya ali pachipata. Anakagwada pakalole, n'kugwedeza kamkono ka sevo ndi chala, kali lobodoka. Anagoneka mtondo n'kukhalapo, maso kumsewu. Kwa masiku angapo amuna awiriwo ankadya m'mbale imodzi osayang'anana, ndipo uthenga unkadzera mwa ine. "Auzeni alamu anu kuti madzi osamba atentha." Mayi wina wa mumpingo mwathu anafika n'kuona nkhope zawo, anandikokera kuseri n'kundifunsa ngati talandira uthenga wa maliro kuchokera kutsidya.

Chipulumutso chinachokera m'nyanja. Kunali mzungu wina amene ankabwera nthawi zina kudzaulutsa kandege koseweretsa pabwalo la ndege la ku Makokola. Tsiku lina mphepo ya mwera inakatenga n'kukaponya m'madzi, mwini wake n'kubwerera kwawo wopanda kanthu. Patapita masiku asodzi anakakola mu ukonde wawo wa chilimira pamodzi ndi utaka. Msodzi amene anakatenga anakapachika kudenga la nyumba yake ngati chokongoletsa. Amuna anga atamva, anapita kukamuchezera munthu amene anali asanamuchezerepo chibadwire, ndipo anabwerako ndi wailesi ya msodziyo yoti akonze ndi masevo a kandege m'thumba la malaya. Anawatsegula, anawapukuta ndi kansalu, anawayanika padenga. Awiri anadzuka.

Amuna anga anawaika pabenchi. Alamu anawayang'ana ali pamtondo. Kenaka anadzuka ngati akupita kukataya madzi, n'kudzera kubenchiko.

"Mutu udye zake, miyendo idye zake," anatero, osayang'ana munthu.

"Ndamva achimwene."

"Mwamva ndi makutu kapena mwamva ndi mphuno?"

Chiyanjano chinali chimenecho.

Masevo a kandege anali ndi mawaya atatu ngati akale aja, wofiira, wakuda ndi woyera, koma pa mapulagi ake mawayawo anasanjidwa mosiyana. Ofiira ndi akuda ndiwo obweretsa chakudya, oyera ndiwo obweretsa mawu ochokera kukhutu. Kusokoneza wofiira ndi wakuda kukanabweretsanso utsi, ndipo alamu anachita kuwerenga mawayawo mobwerezabwereza ngati akuwerenga mikanda yawo yopempherera ya tasibihi. Anadula mapulagi kuti alumikize waya ndi waya. Apa ndi pamene anandikumbukira. Zala za amuna anga zinali zonenepa, za alamu zazitali ngati mphanda, ndiye anati zanga ndizo zingagwire timawaya tija pamodzi iwo akuwotcherera. Chitsulo chowotcherera ankachitenthetsa pambaula yanga. Ndinagwira wofiira ndi wofiira, mtovu n'kudontha. Wakuda ndi wakuda, mtovu n'kudontha. Pa woyera mtovu unadonthera pachala changa chachikulu. Ndinakuwa. Amuna onse awiri anawerama mwankhawa, kuyang'ana ngati waya walumikizika.

Kalole kanayambanso kukhota. Koma sevo imodzi inatsala, ndipo sevo yotsala pabenchi la amuna anga inali ngati nyama yotsala pamaso pa galu. Anagwirizana zoti kalole kakhale tipa, kazikhuthula katundu kokha. Anadula chitini cha mafuta ophikira chimene alamu ankalandira, n'kupanga bodi, n'kuimangirira kumbuyo kwa batire ndi mahinjesi a waya. Sevo yotsalayo anaiika pansi pake kuti kamkono kake kazitukula bodiyo. Atamaliza zonsezo ndi pamene anakumbukira kuti kabokosi ka m'manja kali ndi timitengo tiwiri tokha, ka moto ndi kokhotera. Kachitatu kotukulira bodi panalibe.

Kenaka amuna anga anati, "Zigawane mawu." Analumikiza sevo ya bodi ku mawaya omwewo a sevo yokhotera, kuti zonse ziwiri zizimva lamulo limodzi. Zotsatira zake zinali izi: ukayenda molunjika, bodi ili pansi. Ukakhotera kumanja, bodi ili pansi. Ukakhotera kumanzere, bodi imatukuka n'kukhuthula chilichonse chili momwemo.

Ine ndinati aphonya. Iwo anati ndi mmene anafunira. Kuyambira pamenepo kalole kakasenza katundu sikankakhotera kumanzere. Kakafuna kupita kumanzere kankazungulira kumanja mpaka kuloza kumene kakufuna, ngati mkamwini wopewa apongozi panjira.

Masewero amene alamu ankawakonda anali ogawa chakudya. Ankathira nandolo m'bodi, n'kuyendetsa kalole kupita pakati pabwalo pamene nkhuku zanga zinkadikira. Ndiye ankasintha mawu, n'kumayankhulira m'mphuno ngati kalaliki wina amene ankawagawira ufa.

"Pamzere! Pamzere nonse! Iwe tambala, khadi lako lili kuti? Akazi onsewa ndi ako? Wabodza iwe, unalembetsa kawiri!"

Akatero ankakhotera kumanzere, nandolo n'kukhuthuka, nkhuku n'kumenyana. Othawa nkhondo anzawo amene ankakhala m'midzi yoyandikana ankabwera kudzaonera zimenezi ndipo ankaseka mpaka kugwirana mapewa. Asodzi ankasiya kusoka maukonde. Abusa athu anaima panjinga tsiku lina ati akungodutsa, n'kudutsa mpaka dzuwa kupendeka. Shehe wa kumzikiti wa alamu anafunsa ngati mulibe chiwanda m'kabokosimo, atauzidwa kuti mulibe anapempha kuti ayeseko, n'kukagunda mbuzi. Mwana wanga, mwini wake wa kalole, anapatsidwa udindo wokweza katundu.

Pabwalo pathu panayamba kuchepa. Alamu ankafuna kudziwa kuti kalole kangapite patali bwanji kasanasiye kumva, ndipo malo aatali osalala m'dera lonselo anali amodzi, m'mphepete mwa bwalo la ndege lija. Anapitako Lamulungu masana, ine ndili kuntchito. Alamu anaima ndi kabokosi, eriyo yonse atasolola, nkhope italoza kunyanja. Amuna anga ankathamanga pambuyo pa kalole kuti akaone pomwe kaimire. Anapita patali moti munthu woima pamsewu sakanaona kalole kapena wokathamangira. Akanangoona munthu mmodzi wa ku Mozambique ali pabwalo la ndege, atagwira chokhala ndi eriyo, akuyang'ana mapiri a kwawo kutsidya.

Woima pamsewu tsiku limenelo anali tcheyamani wa chipani wa dera lathu, ali ndi anyamata ake a malaya ofiira, akuchokera kogulitsa makadi a chipani.

Amuna anga amati anangoona kalole kapenga, kukhotera uku ndi uku, bodi ikutukuka ndi kutsika, kenaka n'kulowa m'tchire. Pomwe amakapeza n'kubwerera nako, pamalo paja alamu panalibe, ndipo anthu apamsewu ndiwo anawauza zimene zinachitika. Anandipeza kuchipata chakumbuyo kwa hotela, thukuta lili chuchuchu, kalole kali kukhwapa.

"Awatenga."

"Ndani watenga ndani?"

"Achimwene. Achipani. Apita nawo kupolisi."

Amene sanakhaleko masiku amenewo akhoza kuseka, koma ine sindinaseke. Anthu ankasowa pa nkhani zochepa kuposa imeneyi. Munthu wobwera, wopanda womuyankhulira, womunenera kuti akutumiza mauthenga kwa ankhondo, akanatha kupita kumene sitikanamuonanso. Tinakwera matola tsiku lomwelo, koma kupolisi anatibweza pakhomo, ati mkulu wawo kulibe, tibwere mawa.

M'mawa mwake anatilowetsa mu ofesi. Mkulu wa polisi anali bambo wonenepa wa maso atulo. Patebulo pake panali kabokosi kathu, eriyo ili chisololere, palibe amene analimba mtima kuibweza. Tcheyamani anakhala pampando, nsapato zake zakuda zikuwala ngati galasi. Alamu anali pansi pakona, opanda malaya, opanda nsapato, manja ali pakati pa maondo. Titalowa sanatiyang'ane.

"Ndinamuona ndi maso angawa, bwana," tcheyamani ankatero. "Amayankhula ndi akwawo kutsidya. Amawauza za ndege zathu."

Mkulu wa polisi anatembenuza kabokosiko ndi nsonga ya cholembera. "Nanga poyankhulira pake ndi pati, atcheya? Sindikuonapo."

"Amayankhula ndi zala, bwana. Anthu amenewa ndi ochenjera."

Ndinayang'ana amuna anga kuti ayankhe. Munthu amene ankatha kufotokoza za batire kuyambira m'mawa mpaka ng'ombe kubwerera anali atangoti kakasi, kalole akukakumbatira ngati mwana wodwala. Ndinaona kuti ndikadikira iwo, tigona pomwepo tonse.

"Bwana," ndinatero nditagwada, "chimenecho ndi choyendetsera ichi. Ndi choseweretsa ana. Ndinachitola ndine kuhotela."

"Choseweretsa ana." Anayang'ana kalole, anayang'ana ine. "Nanga anawo ali kuti, mayi?"

"Ndi awiriwa, bwana. Wina ndi uyu wanyamulayu, wina ndi uyo mwamuvula malayayo."

Wapolisi wina amene anaima pakhomo anatsokomola mwachilendo n'kutuluka panja. Mkuluyo sanaseke, koma maso ake anadzuka. Anati tonse tituluke, akaone yekha.

Kunja kunali bwalo losesedwa bwino, la miyala yopaka laimu m'mbali. Amuna anga anaika kalole pansi n'kulumikiza mawaya a batire. Mkulu wa polisi anapatsa alamu kabokosi. "Yendetsa."

Alamu anakankha kamtengo mwamantha, kalole kanadumpha n'kukagunda sitepe. Tcheyamani anati, "Mwaona? Sakudziwa n'komwe. Ndi chophimbira chabe chimenechi." Alamu anapukuta manja pathalauza, ananyonyomala monga ankachitira kunyumba, n'kupuma kamodzi. Kalole kanabwerera chambuyo, kanazungulira mtengo wa mbendera, kanatsata mzere wa miyala mpaka kuchipata, n'kubwerera kudzaima pamapazi a mkulu wa polisi. Phokoso la injini kukamwa kwawo kunalibe tsiku limenelo.

Mkuluyo anawerama, mimba ikumuletsa, n'kugogoda bodi ya chitini ndi chala. "Ichi n'chachiyani?"

Pamenepo lilime la amuna anga linamasuka. Anayamba za sevo yotsala, za mawaya atatu, za kandege ka m'chilimira, mpaka ndinawatsina. Mkuluyo analamula wapolisi kuti adzaze mchenga m'bodi, n'kulanda kabokosi m'manja mwa alamu.

"Bwana, chonde musakhotere kumanzere," anatero amuna anga.

"Ukundiphunzitsa kuyendetsa galimoto?"

Anakankha kamtengo. Kalole kananyamuka bwinobwino, kulunjika pamene panaima tcheyamani. Pofuna kumupewa, bwana anakhotera kumanzere. Bodi inatukuka, mchenga wonse n'kutsikira pansapato zowala zija. Bwana atadzidzimuka anakankha timitengo tonse tiwiri nthawi imodzi, kalole kanazungulira pomwepo n'kubwera ndi batire lake lonse la njinga yamoto, n'kumenya tcheyamani pakakolo. Bambo uja anadumpha ndi mwendo umodzi, atagwira phazi, akutchula amayi ake. Apolisi onse anayang'ana kumwamba, milomo italumidwa, kudikira kuti aone nkhope ya mkulu wawo. Mkuluyo atayamba kugwedezeka mimba, bwalo lonse linaphulika. Ngakhale akaidi amene ankalambula kuseri anasiya makasu.

Apolisi anabwezera alamu malaya ndi nsapato n'kuwamasula. Koma kalole ndi kabokosi bwana anati zitsale, kafukufuku sanathe.

Kafukufukuyo anatenga milungu yambiri. Nthawi ndi nthawi kunkabwera wapolisi panjinga kudzaitana amuna anga, ati umboni watha moto, kapena umboni waduka waya. Iwo ankanyamula chitsulo chawo chowotcherera n'kupita mosangalala, n'kubwerako akusimba kuti bwana tsopano akutha kubwerera chambuyo. Tcheyamani anatsimphina kwa kanthawi, ndipo akadutsa pakhomo pathu ankayang'ana kumbali. Kalole kanabwerera kwathu chitsulo cha matayala akumbuyo chitathyoka, bodi itaphwanyika mbali imodzi ngati panakhala munthu. Wapolisi amene anabwera nako anati boma lapeza kuti mlandu palibe.

Amuna anga anakakonza ndi sipoko ya njinga, ndipo kanayendanso, ngakhale kankatsimphina. Koma alamu sanagwirenso kabokosi kaja. Akapatsidwa ankapisa manja m'khwapa n'kupukusa mutu. Ankakhala pamtondo n'kumalangiza patali. "Chepetsani moto pokhota. Mwachedwa kubweza. Achimwene, inu mukanakhala dalaivala anthu akanatha." Amuna anga anawakakamiza kangapo mpaka ndinawauza kuseri kuti awasiye. Amene anapindula ndi mwana wanga. Pamapeto pake anamulola kuyendetsa, alamu akumuuza zochita, ndipo ankakhota bwino kuposa bambo ake, zimene bambo akewo sanavomerepo mpaka lero.

Nkhondo itatha kutsidya, anthu anayamba kubwerera, ena pamalole, ena wapansi. Alamu anachedwako, ati ayambe aona ngati mtenderewo uli ndi mizu. Ananyamuka nyengo yokolola itatha, ndi kachikwama kamodzi ndi usipa umene ndinawamangira m'pepala. Amuna anga anawaperekeza mpaka ku boma, ndipo atabwerako anakhala pakhonde tsiku lonse osatsegula wailesi ya munthu aliyense. Mlangizi uja tayala lake litafika, anadzatenga batire lake. Kalole kanakwera pamwamba pa kabati, kenaka ana a aneba anakamasula matayala n'kuika ku magalimoto awo a mawaya.

Alamu tinakawaona kamodzi ku Mandimba patapita zaka, pa ukwati wa mwana wa mchemwali wawo. Tinapeza bambo wonenepa, wa mkazi ndi ana, woyang'anira chigayo cha munthu wina, ufa uli mbuu mpaka m'nsidze. Ankayankhula osapumira, kukalipira anyamata a pachigayo m'zilankhulo zitatu. Amuna anga atayamba kukumbutsa za kupolisi kuja, iwo anangoseka pang'ono n'kufunsa ngati chambo chikupezekabe ku Nkope, chifukwa kwawoko ankadya nsomba zouma zokhazokha. Kenaka injini ya chigayo inayamba kulira mwachilendo, amuna awiriwo anayang'anana, n'kudzuka onse pamodzi. Ine ndi mkazi wawo tinapita ku ukwati tokha.